Ziwerengero Zowoloka Mlatho

Chaka chimene alamu anga analandira chikho, ine ndinadzudzulidwa pamaso pa anthu.

Tonse awiri ntchito yathu ndi imodzi, yosonkhanitsa ziwerengero za umoyo wa anthu: ana obadwa, ana obayidwa katemera, odwala, omwalira. Kusiyana kwake n'kwakuti ofesi yanga ili tsidya lino la mtsinje, yawo inali tsidya ilo, ndipo mtsinjewo ndi malire a mayiko awiri. Pakati pali mlatho. Achemwali anga anakwatiwa kumeneko, ndipo anthu a mbali zonse amawoloka tsiku ndi tsiku kupita kumsika, kuchigayo, kukaona odwala, ngati akungodutsa pabwalo la mnansi.

Kumsonkhano wa kulikulu, mkulu wina wa ku unduna wa zaumoyo anaonetsa mapu pakhoma. Chigawo chathu chinali chofiira psu. "Ana kwanuko sakubayidwa katemera, amayi sakuchilira kuchipatala. Mukutani kumeneko?" Dokotala wamkulu wa chigawo chathu, amene ndi abwana anga, anangondiyang'ana cham'mbali. Ndinabwerera mutu uli wolemera. Ndinkadziwa kuti alangizi athu a zaumoyo amayenda m'midzi mpaka nsapato kutha, koma ana opanda katemerawo samawapeza.

Loweruka lotsatira ndinawoloka kukaona achemwali. Ndisanakhale pansi n'komwe, alamu anatuluka kuchipinda atafungatira chikho chonyezimira.

"Mlamu, musambe kaye m'manja musanachikhudze," anatero. "Ichi n'cha anthu ogwira ntchito."

"Mwachitola kuti? Mpira simuutha inu."

"Katemera. Chigawo chathu chaposa dziko lonse. Tabaya ana ambiri kuposa ana amene tili nawo."

Ndinaseka, koma kusekako kunandithera pakamwa. "Tabwerezani."

"Kalembera amati tili ndi ana akutiakuti. Ife tabaya oposa pamenepo. Akuluakulu akuti ndi khama."

"Alamu, munthu angabaye bwanji mwana amene kulibe? Anawo mwawatenga kuti?"

Anandiyang'ana, nane ndinawayang'ana.

"Ndi ana anga amenewo," ndinatero. "Mwandibera ana."

Laputopu yanga inali m'chikwama. Iwo anathamangira yawo, tinakankhira mbale kumapeto kwa tebulo, achemwali akukalipa kuti chakudya chikuzizira. Tinaika makina awiriwo pafupi n'kuyamba kuyerekeza mwezi ndi mwezi. Paliponse pamene mzere wanga unkatsika, wawo unkakwera. M'miyezi ya mvula, msewu wochokera kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje kupita kuchipatala chathu ukasanduka matope, mzere wawo unkalumpha ngati mbuzi. Amayi a midzi imeneyo ankangowoloka mlatho wapansi kukachilira ndi kukabayitsa ana kuchipatala cha tsidya ilo, m'malo modikira basi yosabwera.

"Dikirani kaye," anatero alamu, chala chili pa kompyuta yanga. "Odwala chifuwa chachikulu onsewa ndi a kwanu?"

Sanali a kwathu. Makina ojambulira m'chifuwa ali tsidya lino, ndiye odwala a kwawo ankabwera kuno n'kumalandirira mankhwala konkuno. Alamu anali akuwalemba kuti anathawa mankhwala, mwinanso anamwalira. Onse anali moyo, ena atanenepa.

"Ndiye inunso mwandibera," anatero, akuwomba tebulo mpaka masupuni kudumpha. Ine ndinalephera kukhala pansi. Ndinkazungulira tebulo ndikulankhula zosatha, iwonso akulankhula, palibe womvera mnzake.

"Chikhocho mungochidula pakati," anatero achemwali. "Tsopano chotsani zinthu zanuzo, ana adye."

Kuyambira pamenepo tinkaimbirana foni sabata iliyonse. Mayina a odwala sitinkatchulirana, tinkangouzana ziwerengero ndi midzi. "Kuno malungo akwera kumtunda." "Kuno ana ena abayidwa, ndi a mudzi wanu wa pafupi ndi chigayo." Malipoti athu anayamba kuwongoka. Abwana anandifunsa kuti ndadya chiyani, ine n'kungomwetulira.

Kenako alamu anatumizidwa kusukulu kukawonjezera maphunziro. Bambo amene anawagwirira mpando sankandidziwa. Nditamuimbira anandiyankha mwaulemu kuti, "Mayi, pepani, sindingapereke ziwerengero za dziko kwa munthu wakunja popanda chilolezo." Sanalakwe. Koma m'miyezi yomweyo kolera anabuka tsidya ilo, ndipo ife tinadziwa pamene odwala anayamba kufika pachipatala chathu atanyamulidwa panjinga. Tenti sitinamange, mankhwala a m'madzi sitinagawe. Anthu ena anamwalira. Mmodzi anali mayi wogulitsa nthochi pageti la chipatala, amene m'mawa uliwonse ankandisungira zakupsa bwino.

Matendawo atazilala ndinalowa mu ofesi ya abwana osagogoda.

"Tsidya ilo ankadziwa ife tisanadziwe," ndinatero. "Nkhani inalephera kuwoloka mlatho umene tomato amawoloka tsiku lililonse. Tiyeni tipange njira yoti maofesi awiriwa azipatsana ziwerengero."

Abwana anaimirira. Anatenga makiyi n'kunditsogolera kukachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa ofesi. Anavundukula nsalu. Pansi pake panali makompyuta akale, fumbi lokhalokha, ena mbewa zitadya mawaya.

"Bungwe lina linabwera nazo izi inu musanayambe ntchito kuno," anatero. "Cholinga chake chinali chomwecho. Tinavina, tinajambulitsa zithunzi. Pulojekiti itatha, anthu ake anapita ndi mawu achinsinsi otsegulira, intaneti inadulidwa. Mukufuna tiwonjezere mulu wina apa?"

"Ayi. Izi zinafa chifukwa zinali za alendo. Zanga ndi alamu zinafa chifukwa zinali za pachibale. Ndikufuna zikhale ntchito ya ofesi, yolembedwa, yoti aliyense wokhala pampandowo aziigwira, kaya amakonda anthu a tsidya ilo kaya ayi. Makompyuta atsopano sitikuwafuna. Tigwiritse ntchito omwe tili nawo kale."

Anakung'untha fumbi m'manja.

"Mukawabweretsa a tsidya ilo patebulo, ine ndibweretsa a ku unduna."

Ndinatuluka m'kachipindamo ndikumva ngati ndiuluke. Ndinaimbira alamu ndili pakhonde pomwepo. Anali m'kalasi, koma anatuluka.

Atabwerako kusukulu anayamba kuvutitsa mabwana awo monga ine ndinkavutitsira anga. Zinatenga nthawi yoposa chaka kuti tikhale pansi pamodzi. Tinkakumana m'chipinda cha a zolowa ndi kutuluka pamalire, chokhala ndi mabenchi olimba ndi fani yolira ngati ikupempha mafuta. Pakona panali matumba a katundu wolandidwa, ndipo misonkhano yathu yonse inkanunkha anyezi.

Ndinkaganiza kuti tikangana pa zinthu zikuluzikulu. Tinayamba kukangana pa sabata. Kwathu sabata ya malipoti imayamba Lolemba, kwawo Lamlungu, ndipo palibe amene ankafuna kusuntha. Tinakangana pa msinkhu umene mwana amasiya kuwerengedwa ngati khanda. Tinapeza kuti mudzi umodzi womwewo ife timaulemba mwina, iwo mwina, ndipo pamapu awo unkaoneka ngati midzi iwiri. Madokotala akuluakulu ankatukula mawu chifukwa cha chilembo chimodzi. Koma msonkhano uliwonse unkatha kanthu kamodzi katagwirizanika, ndipo ine ndinkabwerera kunyumba ndikuimba m'basi.

Ku unduna kunabwera loya, mayi wamfupi wa mawu akuthwa. Tsiku loyamba ndinamuopa.

"Dzina la wodwala ndi la mwini wake, si la boma," anatero. "Silidzawoloka mlatho. Chiwerengero, msinkhu, mudzi, mwamuna kapena mkazi, izo ziwoloke. Ndipo mulembe kuti ndani ali ndi chilolezo choziona, ndiponso chidzachitike n'chiyani akadzachoka pa ntchito."

Pambuyo pake mayi yemweyo ndi amene anaumirira kuti ntchitoyi ilowe mu bajeti ya chaka ndi chaka ya unduna uliwonse, osati m'thumba la bungwe lililonse. Ankawatsata akuluakulu mpaka pagalimoto, pepala lili m'manja.

Mkangano waukulu unali wa kumene ziwerengero zonse zidzasungidwe. Ife tinkati kwathu, iwo ankati kwawo. Msonkhano wina unathera pomwepo anthu osatsanzikana. Katswiri wathu wa makompyuta, bambo wamtali amene timamutcha Mawaya, anakhala pansi ndi mnzake wa tsidya ilo, ndipo pamsonkhano wotsatira anabwera ndi yankho.

"Aliyense asunge nkhokwe yake kwawo," anatero Mawaya. "Ife tingoboola kazenera. Chimene mwagwirizana chokha ndicho chizidutsa pamenepo, mbali zonse ziwiri, m'mawa uliwonse. Wina akakwiya atseke zenera lake, nkhokwe yake ili chikhalire."

Akuluakulu anayang'anana. Palibe amene anapeza chokanira.

M'miyezi ya misonkhano yomalizayi ndinali woyembekezera, ndipo mimba inkakula limodzi ndi mapepala a mgwirizano. Benchi ija inayamba kundipweteka msana, mpaka wapolisi wa pamalire anandibwereka mpando wake.

"Tisaine msanga, anthuni," ankatero alamu. "Mlamu wangayu angatichilire pakati pa mlatho, mwana n'kusowa dziko."

Tsiku loyesa makina linafika. Chipinda chinadzaza: akuluakulu a maunduna onse awiri, madokotala, manesi, loya uja, ngakhale a zolowa ndi kutuluka anasiya zidindo zawo n'kuima pakhomo. Matumba a anyezi anali atachotsedwa, koma fungo linakana. Mawaya analumikiza kompyuta yathu ku makina oonetsera pakhoma.

"Tumizani," anatero Mawaya kwa mnzake.

Pakhoma panaoneka kabwalo kozungulira. Kanazungulira, kanazungulira. Kenako mapu anatseguka, ndipo kwa nthawi yoyamba tsidya ilo silinali loyera ngati chipululu. Midzi yawo inatulukira umodziumodzi, ziwerengero zili pambali, mtsinje uli pakati ngati ulusi chabe. Nesi wina analira kamfuu. Anthu anawomba m'manja, abwana anandigwira phewa, ine misozi inali italengeza kale.

Mkulu wa ku unduna wa tsidya ilo, bambo wosaseka, anavala magalasi n'kuyandikira khoma. Anawerenga mzere ndi mzere, chala chikutsika. Kenako chinaima.

"Apa pakuti amuna oyembekezera," anatero. "Ndipo ndi ambiri ndithu. Amayi oyembekezera palibe ndi mmodzi yemwe."

Fani yokha ndiyo inkamveka. Ndinaona ntchito yonse ija ikupita kukagona pansi pa nsalu m'kachipinda ka fumbi. Mawaya thukuta linali kamukamu.

Alamu anaimirira pang'onopang'ono, akusisita mimba yawo, imene si yaing'ono.

"Bwana, ine ndinkakayikira kale," anatero. "Chakudya chokha sichingafike apa."

Woyamba kuseka anali wapolisi wa pakhomo. Kenako chipinda chonse chinaphulika. Loya anagwira m'nthiti, abwana anapukuta maso ndi tayi, ndipo bambo wosaseka uja anavula magalasi, mapewa akugwedezeka. Vuto linali laling'ono: m'makina athu nambala wani imaimira mwamuna, m'makina awo imaimira mkazi. Mawaya ndi mnzake anakonza ife tikumwa tiyi, ndipo titabwerera amuna onse anali atachira.

"Ndakondwa kuti cholakwikachi chaonekera pamaso pa tonse," anatero mkulu uja. "Zina zidzabwera ife kulibe. Mayi loya, onjezerani kuti maofesi awiriwa azikumana kangapo pa chaka kufunafuna zolakwika, ndipo wopeza cholakwika asadzudzulidwe."

Anasaina tsiku lomwelo. Cholembera chikuyenda papepala, mwana anandimenya chidendene m'mimba mwamphamvu mpaka ndinagwira tebulo. Achemwali anatidikira kumapeto kwa mlatho, ndipo titawauza anati, "Bola, mwina tsopano ndizidya ndi anthu patebulo."

Ndisanapite kutchuthi cha uchembere ndinaphunzitsa ntchitoyi mnzanga wa mu ofesi, bambo wachikulire wofatsa amene timamutcha Pang'onopang'ono chifukwa ndi mawu amene amayankhira chilichonse. Ndinaphunzitsanso manesi aakulu a zipatala zathu, kuti pasadzakhale munthu mmodzi yekha wodziwa. Mwezi womwewo alamu anakwezedwa pa ntchito n'kusamukira kulikulu la dziko lawo. Pampando wawo panabwera munthu wachilendo amene sindinamuonepo. Ndinapita kukachira mtima uli m'mwamba.

Anabadwa mtsikana. Masabata anadutsa ndili ndi matewera ndi tulo tosakwana, ndipo foni ya ku ofesi sinalire ngakhale kamodzi. Ndinkaiyang'ana kuti mwina yawonongeka. Ndinayamba kuganiza kuti zonse zija zinazima, anthu akungochita manyazi kundiuza.

M'mawa wina ndikuyanika zovala, galimoto ya chipatala inadutsa mumsewu ndi chimkuzamawu. Inkalengeza katemera wa chikuku kwa ana onse a midzi ya m'mbali mwa mtsinje, mawa lake, pamlatho, "mbali zonse ziwiri, pitani kumene kwakuyandikirani."

Ndinasiya thewera m'beseni n'kuimbira Pang'onopang'ono.

"Bambo, chikuchitika n'chiyani? Bwanji osandiuza?"

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero. "Panalibe chokuvutitsirani. Mwana ali bwanji?"

"Mwana ali bwino. Nenani."

Anafotokoza mosafulumira, ine ndikupondaponda pakhonde. M'mawa wina atatsegula mapu anaona ana ochepa otentha thupi ndi totupa m'midzi yathu iwiri. Paokha sakanadabwitsa munthu. Koma moyang'anizana nayo, kutsidya, midzi yawo inali ndi ana enanso otero, ndipo pamapu amodzi zinkaoneka poyera kuti ndi moto umodzi. Anatenga foni ya ofesi n'kuimba nambala yolembedwa mu mgwirizano. Anayankha mayi amene sanamuonepo, amenenso anali akuyang'ana mapu omwewo, dzanja lili kale pa foni. Magazi atayezedwa anapeza chikuku. Madokotala aakulu awiri anagwirizana tsiku, ndipo katemera atachepa kwathu, a tsidya ilo anabwereketsa.

"Zonsezi popanda ine?"

"Popanda inu, mayi. Pepani."

"Musapepese," ndinatero. Ndinali ndikuseka ndekha pakhonde, mnansi wanga akundisuzumira pampanda.

Mawa lake ndinabereka mwana n'kukwera basi yopita kumlatho. Ndinamva phokoso ndisanatsike. Kumapeto onse awiri a mlatho kunali matebulo pansi pa maambulera akuluakulu, mabokosi ozizira a katemera ali pamthunzi. Mizere ya amayi ndi abambo inali yaitali mpaka kumsika, ana ena akulira asanabayidwe n'komwe. Manesi athu ovala zoyera ndi awo ovala zobiriwira ankadutsana pamlatho, wina atanyamula thonje, wina mabotolo a madzi. Mlangizi aliyense ankafunsa mudzi wa mwana n'kulemba pa foni, ndipo mwana wobayidwa kulikonse ankawerengedwa kumudzi kwawo. A zolowa ndi kutuluka anali atangotsegula chipata n'kukhala pambali, akuthandiza kukonza mizere.

Ndinawoloka kupita kumatebulo a tsidya ilo. Mayi wina wa chipewa chachikulu, laputopu ili pamiyendo, ankalamula zinthu uku ndi uku. Ndinaima kumbuyo kwake ndikusuzumira mapu. Midzi inkasintha mtundu ndikuona.

Anatembenuka. "Mayi, mzere uli uko. Komanso mwana wanuyu ndi wamng'ono, msinkhu wa katemerayu sunakwane."

"Ndangobwera kudzaona. Mapuwa amakuthandizani?"

"Awa? Sindidziwa kuti anthu ankagwira bwanji ntchito popanda amenewa. Ine ndinawapeza alipo kale. Pepani, ndatanganidwa."

Ndinapita pambali, pafupi ndi chitsulo cha mlatho, n'kuimbira alamu kulikulu. Ndinakweza foni m'mwamba kuti amve phokoso.

"Mukumva? Ndi pamlatho pano. Ndipo mayi amene ali pampando wanu wandithamangitsa. Sakundidziwa, inunso sakukudziwani."

"Ngakhale ine?" anatero alamu. "Ndi kukongola konseku?" Polankhulanso mawu awo anali atasintha. "Ndiye kuti zagwira, mlamu. Jambulani zithunzi munditumizire, ndiwaonetse anthu kuno. A chigawo cha kumpoto, kumalire enawo, akhala akundifunsa kuti tinayamba bwanji."

Chikuku chija sichinapitirire midzi imene chinayambira, ndipo palibe mwana amene anamwalira mbali zonse ziwiri. Izo tinazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinkangoona mizere ikutalika dzuwa likukwera, manja akuchepa pamatebulo. Bambo Pang'onopang'ono anandiona ali tsidya lino, n'kuwoloka mwa kayendedwe kake komweko, ngati kulibe anthu mazana akudikira.

"Mayi, muli patchuthi, ndikudziwa," anatero. "Koma wopaka inki wapita kukamwa madzi."

Anandipatsa cholembera cha inki yopaka pachala cha mwana aliyense wobayidwa. Ndinamanga bwino nsalu ya mwana kumsana, ndinakhala pa bokosi lopanda kanthu pafupi ndi nesi wa zobiriwira, n'kutambasula dzanja. Woyamba anali mtsikana wa mano awiri otuluka, misozi ili m'masaya, amene anakana kundipatsa chala mpaka nditamulonjeza kuti ndimujambulira kaduwa. Wotsatira anafunanso kaduwa, ndi wotsatira wakenso, ndipo nesi uja anandichenjeza kuti inki ikatha ndikaifuna ndekha.